Akakutumizani kukajambulitsa mutu: zomwe zimachitika pa CT ndi MRI

Dokotala akalemba m'buku lanu la kuchipatala kuti mukajambulitse mutu, amakhala ali ndi funso limene maso ndi manja ake alephera kuyankha. Mwina akufuna kudziwa ngati magazi akutayikira mkati mwa chigaza cha mnyamata wa kabaza amene wagwa ndi njinga pa Chinamwali. Mwina akufufuza chimene chachititsa kuti mayi wa zaka 40 wa ku Jali, yemwe sanagwepo khunyu chibadwire, ayambe kugwa mwezi uno. Mwinanso ndi agogo amene adzuka pakamwa patapotoka, dzanja limodzi litaleka kugwira. Makina amayankha funso lokhalo limene afunsidwa. Kuti yankho likhale lothandiza, zimadalira kwambiri zimene wodwala ndi gadiyani wake anena asanalowe m'chipindamo, mmene wodwalayo wagonera pa kabedi, ndi komwe zotsatira zathera atatuluka.

Anthu amangoti "sikani", koma makina ojambula ubongo alipo awiri, ndipo ndi osiyana kwambiri.

CT imagwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Chotulutsa chezacho chimazungulira mutu mwaliwiro, ndipo kompyuta imasonkhanitsa zimene zadutsa n'kupanga zithunzi za ubongo m'magawo opyapyala, gawo lililonse mamilimita 5 kapena ocheperapo. Wodwala woyamba anajambulidwa m'njira imeneyi ku London mu 1971 pa makina a Godfrey Hounsfield, amene mu 1979 anagawana mphoto ya Nobel ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Pa chithunzi cha CT fupa limaoneka loyera, magazi ongotayika kumene amawala, pomwe madzi a mu ubongo amaoneka akuda. Ubwino wake waukulu ndi changu, choncho pa ngozi ndi pa sitiroko amayambira pa CT.

MRI ilibe cheza cha X-ray ngakhale pang'ono. Imagwiritsa ntchito maginito amphamvu pamodzi ndi mafunde a wailesi, ndipo chimene imamvetsera ndi madzi a m'thupi momwemo. Imachedwa, imasokosa, koma imaonetsa mnofu wa ubongo bwino kuposa CT: chotupa chaching'ono, chipsera chimene chikuyambitsa khunyu, sitiroko ya maola ochepa apitawo, komanso mbali ya kunkhongo imene pa CT imasokonezedwa ndi mafupa ochindikala. Makina oyamba a MRI m'Malawi anaikidwa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008, ndipo ndi amene anathandiza gulu la madokotala ofufuza Karl Seydel ndi Terrie Taylor kuona chimene chimapha ana odwala malungo a mu ubongo. Pa ana 168 amene anajambulidwa m'kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2015, ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwowa ubongo wawo unali utatupa kwambiri.

Kwa wodwala wa ku Zomba, kaya wachokera ku Matawale, ku Domasi kapena ku Pirimiti n'kutumizidwa pa Zomba Central, kalata ya MRI kawirikawiri imatanthauza ulendo wa ku Blantyre, makilomita osapitirira 70 kudzera pa Thondwe ndi Namadzi. Musananyamuke, pemphani amene akutumizaniwo atsimikize tsiku ndi nthawi, komanso ngati makina akugwira ntchito. Makinawa amafuna magetsi osadukiza ndi chipinda chozizira, ndipo akawonongeka zipangizo zake zimachokera kunja. Kunyamula wodwala wofa ziwalo pa minibasi n'kukapeza chitseko chotseka ndi chinthu chowawa chimene foni imodzi ikanaletsa.

Zoyenera kunena musanagone pa kabedi

Pa fomu yopempha sikani pali mzere wa mbiri ya matenda, ndipo dokotala wowerenga zithunzi, amene nthawi zambiri sakuonani n'komwe, amadalira mzere umenewu. Chitsanzo chake n'ichi. Mu ubongo mukaoneka chotupa chozungulira chowala m'mbali mwake, chikhoza kukhala toxoplasmosis (matenda a tizilombo amene amagwira kwambiri anthu a chitetezo chotsika), TB ya mu ubongo, mafinya, kapena khansa. Pa chithunzi zonsezi zimatha kufanana. Chimene chimasiyanitsa ndi kudziwa ngati munthu ali ndi HIV, ngati analeka ma ARV, ngati CD4 yake yatsika, ngati anadwalapo TB. Kwa amene chitetezo chake chatsika kwambiri, madokotala amatha kuyamba mankhwala a toxoplasmosis n'kujambulanso pakatha masabata awiri kuti aone ngati chotupacho chaphwa. Wodwala amene wabisa zoti analeka mankhwala, mwina chifukwa mlamu wake waima pafupi, amasocheretsa njira yonseyi. Ndi ufulu wanu kupempha kuti gadiyani ayambe watuluka kuti mulankhule ndi dokotala panokha.

Nenaninso tsiku limene vuto linayamba, osati tsiku limene linakula. Pa sitiroko funso lofunika ndi lakuti wodwala anaoneka bwinobwino komaliza nthawi yanji. Kwa okalamba ndi amene amamwa mowa kwambiri, kumbukirani ngakhale kugwa kwakung'ono kwa mwezi wathawu, pakhomo la bafa kapena potsika pa njinga. Mitsempha ya pamwamba pa ubongo ikhoza kuchucha pang'onopang'ono kwa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, kenako agogo n'kuyamba kuiwala, kukokera mwendo, kugona masana onse. Pakhomo anthu amati ndi ukalamba, ena amati alodzedwa. CT imaonetsa magazi amenewa mosavuta, ndipo madokotala a opaleshoni ya ubongo ku Queens amawachotsa poboola timabowo pa chigaza. Ambiri amabwereramo ndithu. N'zomvetsa chisoni kuti matenda ochizika chonchi amapezeka mochedwa chifukwa kugwa kuja palibe anakutchula.

Mayi amene ali woyembekezera, kapena amene akukayika, anene. Izi sizitanthauza kuti amubweza. CT ya mutu imafikitsa cheza chochepa kwambiri pamimba, ndipo pa ngozi imachitika ndithu. MRI nayonso imatheka, kungoti mankhwala obaya pa mtsempha owalitsa chithunzi amawapewa.

Mankhwala obaya pa mtsempha

Sikani zina zimafuna mankhwala owalitsa mitsempha ndi zotupa, amene kuchipatala amawatcha kontirasiti. Pa ngozi ya m'mutu ndi pa sitiroko nthawi zambiri safunika. Pofufuza chotupa kapena matenda olowa mu ubongo amafunika. A pa CT amakhala ndi ayodini, ndipo munthu wamkulu amalandira mamililita 50 mpaka 100 kudzera pa kanula ya pamkono. Akangolowa thupi limatentha kuchokera pakhosi kutsika m'munsi, m'kamwa mumamveka kachitsulo, ndipo ambiri amamva ngati adzikodzera. Sanadzikodzere ayi, ndipo zimatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Tikanakonda aliyense akanauzidwa zimenezi pasadakhale, chifukwa amene sanauzidwe amadzidzimuka n'kudzutsa mutu pa nthawi yeniyeni yojambula.

Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso. N'chifukwa chake amayamba ayeza magazi kuona creatinine, muyeso wosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, makamaka kwa odwala shuga, a BP ya nthawi yaitali, okalamba, ndi amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, omwe kwa ena amafooketsa impso. Amene amamwa mankhwala a shuga a metformin ndipo impso zawo n'zofooka amauzidwa kuti ayimitse mankhwalawo kwa maola 48. Musayimitse nokha osauzidwa. Ngati munatupapo nkhope, kutuluka zidzolo kapena kubanika mutabayidwa mankhwala otere kale, kapena ngati muli ndi mphumu yovuta, nenani asanaike kanula. Pobaya, ngati pamkono payamba kuwawa kwambiri ndi kutupa, fuulani nthawi yomweyo: ndiye kuti kanula yachoka mu mtsempha ndipo mankhwala akulowa mu mnofu. Mukamaliza amakusungani mphindi 15 mpaka 30 kanula ili pomwepo, chifukwa thupi likafuna kudana nawo limatero m'nthawi imeneyi. Tsiku limenelo imwani madzi ambiri, pokhapokha ngati dokotala wa mtima kapena wa impso anakuikirani muyeso.

A pa MRI ndi ena, a gadolinium, ndipo ndi ochepa, mamililita 10 mpaka 20. Ambiri amangomva kuzizira pamkono. Mayi woyamwitsa angathe kupitiriza kuyamwitsa atalandira mtundu uliwonse mwa iwiriyi.

M'chipinda cha CT

Apa nkhani ndi yaifupi. Mumavula ndolo, mapini a m'tsitsi, magalasi ndi mano ochita kuikirira, chifukwa chitsulo chimajambula mizere yoyera imene imaphimba ubongo. Mumagona chagada, mutu n'kulowa m'kachotengera, lamba wofewa n'kudutsa pamphumi. Kuwala kofiira kumene kumadutsa pankhope n'koyezera malo basi, tsinzinani. Wojambula amapita kuseri kwa galasi koma amakuonani ndi kukumvani. Kabedi kamalowetsa mutu wokha m'chimphete chachikulu chotseguka mbali zonse, ndipo kujambula kwenikweni sikukwana mphindi imodzi. Kulowa ndi kutuluka, zonse pamodzi, ndi mphindi 10 mpaka 15.

Za cheza anthu amaopa kuposa muyeso. CT imodzi ya mutu imapereka pafupifupi 2 mSv (muyeso wa cheza), pomwe munthu wamba padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka, mu mpweya ndi kumwamba. Ndiye kuti sikani imodzi ikufanana ndi miyezi 10 ya cheza cha chilengedwe. Chezacho sichitsalira m'thupi: mukatuluka mukhoza kunyamula khanda. Makinawo satenga magazi, sachotsa kanthu m'mutu, sawerenga maganizo. Komabe cheza chimaunjikana pa moyo wa munthu, ndipo ana ndi amene chimawakhudza kwambiri. Choncho dokotala amene wakana kujambula mwana yemwe wagunda mutu koma akusewera, akudya ndipo sakusanza, sakukumanani chithandizo. Kwa khanda limene liwombo lake lisanatseke, monga pofufuza madzi ochuluka m'mutu, amatha kuona ubongo ndi makina omwe aja ounikira amayi oyembekezera, powaika paliwombo, popanda cheza chilichonse.

M'chipinda cha MRI

Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti maginito a MRI sazimitsidwa. Usiku, pa Sabata, ngakhale pamene palibe amene akujambulidwa, amakhala akukoka. Sizasi, makiyi, ndalama zachitsulo, njinga ya olumala kapena silinda ya okosijeni zikalowa pakhomo zimatha kuuluka kulunjika pakati pa makina, pomwe pali mutu wa wodwala. Foni imawonongeka, khadi ya ATM imatha kufufutika. Gadiyani amene akulowa nawo amafunsidwa mafunso omwewo ndipo amasiya zonse panja.

Mafunso a pakhomo aja musawayankhe mothamanga. Kabatire kothandiza mtima kugunda, kachitsulo kotsekera mtsempha wa mu ubongo, ndi kachipangizo kothandiza kumva koikidwa mkati mwa khutu zikhoza kuletseratu MRI, kapena kufuna kuti atsimikize kaye mtundu wake. Zitsulo zolumikizira mafupa othyoka zambiri sizivuta, koma zitchuleni ndipo bweretsani mapepala a opaleshoniyo ngati alipo. Lupu ya kopa ndi timapulasitiki ta kulera ta pamkono sizoletsa. Funso limene ambiri amalidumpha ndi la kachitsulo m'diso. Owotcherera zitsulo, osula mbaula ndi zidebe, amakaniko ndi onse ogwira galainda popanda magalasi akhoza kukhala ndi kachidutswa kamene kanalowa zaka zapitazo n'kuiwalika. Maginito akakasuntha, diso likhoza kuwonongeka. Mukanena, amayamba ajambula X-ray ya m'maso, nkhani n'kutha.

Amayi ayambe kukonzekera dzulo lake. Wigi, meshi yomangidwa ndi timapini, tizitsulo tokongoletsa malukidwe, bra ya waya, zonse zimachoka. Malukidwe aakulu omangidwa kunkhongo amalepheretsa mutu kukwana m'chotengera chake. Zopaka m'zikope zina zimakhala ndi fumbi la chitsulo ndipo zimadetsa chithunzi cha pafupi ndi maso. Mikanda ya m'chiuno yokhala ndi kolowekera kachitsulo, komanso chithumwa chosokedwa chimene simukudziwa zamkati mwake, zivuleni. Ogwira ntchito m'chipindamo aziona zambiri, ndipo sadzakuweruzani.

Mukagona amakupatsani zotseka m'makutu, kenako amatsekera mutu m'kachitetezo kapulasitiki kokhala ndi mipata patsogolo pa nkhope. Kameneka ndi kamene kamalandira uthenga wochokera mu ubongo, ndiye sikangachotsedwe. M'dzanja amakupatsani kampira kofinya mukafuna thandizo. Kabedi kamakulowetsani mpaka mutu ufike pakati pa makina, ndipo pa makina ambiri denga lake limakhala pafupi ndi nkhope. Phokoso likayamba limakhala ngati mwagona m'chigayo: kugogoda, kulira, kenako bata, kenako kugogoda kwa mtundu wina. Pa makina amphamvu limapitirira madesibelo 100 pa muyeso wa phokoso. Si chizindikiro choti china chawonongeka. Ndi mawaya a mkati amene akunjenjemera magetsi akamasinthasintha.

Kujambula kumachitika m'zigawo, chilichonse mphindi 2 mpaka 6, ndipo zonse pamodzi zimatenga mphindi 20 mpaka 45. Kusiyana kwake ndi foto wamba n'kwakuti makina amasonkhanitsa chigawo chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza asanapange chithunzi. Mukasuntha mutu kamodzi pa mphindi yachinayi, chigawo chonsecho chimatuluka chambuu ndipo amachibwereza. Choncho kukhosomola, kukanda mphuno ndi kumeza malovu mwamphamvu, dikirani phokoso likaleka. Pitani kuchimbudzi musanalowe. Ngati msana kapena khosi zimawawa mukagona chagada, pemphani pilo wa pansi pa mawondo asanayambe. Musapingase miyendo kapena kugwirana manja, chifukwa pamene khungu lakhudzana pakhoza kutentha. Kumva kutenthera pang'ono thupi lonse n'kwachibadwa, koma pakatentha malo amodzi finyani kampira kaja.

Ena amabanika ndi mantha a malo opanikiza, ngakhale amuna amphamvu amene sanaganizepo kuti angatero. Chimene chimathandiza ambiri ndi kutsinzina kabedi kasanayambe kuyenda ndi kusatsegula maso mpaka kumapeto, kupuma pang'onopang'ono, ndi kudziwa kuti makinawo ndi otseguka kumutu ndi kumiyendo, mpweya ukudutsa. Gadiyani akhoza kuloledwa kugwira phazi lanu. Ngati mukudziwiratu kuti simungathe, nenani tsiku lolembetsa kuti akonze mankhwala okhazika mtima pansi, ndipo tsikulo musayendetse galimoto kapena njinga.

Ana aang'ono ndi odwala osokonezeka mutu sangagone phee kwa theka la ola, choncho amagonetsedwa ndi mankhwala. Apa lamulo la kusadya ndi la moyo ndi imfa, chifukwa mwana wogonetsedwa akasanza, masanzi amalowa m'mapapo. Muyeso wodziwika ndi maola 6 opanda phala, nsima kapena mkaka wa m'chitini, maola 4 opanda bere, ndi maola 2 opanda madzi. Mwana akalira panjira n'kumupatsa kabisiketi pa Namadzi, nenani zoona mukafika. Kusintha nthawi kuli bwino kusiyana ndi kubisa. Makanda a miyezi yochepa nthawi zina sasowa mankhwala: amawayamwitsa, kuwakulunga bwino, n'kuwajambula ali m'tulo.

Zotsatira, ndi mawu oti "sitinapeze kanthu"

Wojambula akakana kukuuzani zimene waona, si mwano ndipo sizitanthauza kuti zinthu zaipa. Ntchito yomasulira ndi ya dokotala wina, radiologist, amene amayang'ana zithunzi zambirimbiri za mutu umodzi n'kulemba lipoti. Madokotala amenewa ndi ochepa m'dziko muno, ndiye lipoti la sikani yosakhala ya ngozi likhoza kutenga masiku. Musanachoke funsani kuti lituluka liti, mukalitenga kuti, ndipo ngati akupatsani CD. Chithunzi chojambula ndi foni pa kompyuta ya kuchipatala chimangoonetsa gawo limodzi mwa magawo ambiri, ndipo dokotala wa opaleshoni sangachidalire. CD isungeni m'chikwama chake, kutali ndi dzuwa, pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo mukadzajambulidwanso mudzapite nayo. Kukula kapena kuphwa kwa chotupa kumadziwika poyerekeza zithunzi ziwiri. Koposa zonse, lipoti libwerere kwa dokotala amene analipempha ku Zomba kuno. Malipoti ambiri amathera m'sutikesi chifukwa wachibale wodziwa Chingerezi wawerenga mawu oti "normal" n'kuuza banja kuti nkhani yatha.

Chithunzi chosaonetsa vuto chimangotanthauza kuti chimene dokotala amachiopa sichinaoneke. Sitiroko ili mitundu iwiri: mtsempha kuphulika, kapena mtsempha kutsekeka. Wophulika umaoneka pa CT nthawi yomweyo. Wotsekeka, womwe ndi wofala kwambiri, ukhoza kusaoneka m'maola oyambirira, n'kudzaonekera pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye CT yoyera kwa munthu wofa mbali imodzi yayankha funso lofunika: magazi sanatayike, asipirini angathe kuperekedwa. Pa chifukwa chomwechi, musamwetse asipirini munthu wa sitiroko kunyumba asanajambulidwe, popeza ngati mtsempha unaphulika muwonjezera kutayika kwa magazi.

Anthu ambiri a khunyu zithunzi zawo zimatuluka zabwinobwino, chifukwa vuto lili m'kayendedwe ka magetsi a mu ubongo, kamene amakayeza ndi makina ena otchedwa EEG. Khunyuyo ndi yeniyeni ndipo mankhwala ake sayenera kulekedwa. Kwa ena CT imaonetsa timadontho toyera, zotsalira za mphutsi za njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba. Mazira ake amalowa m'kamwa kudzera m'manja, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba zokhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo. Choncho ngakhale Msilamu amene sanalawepo nkhumba akhoza kupezeka nazo, ndipo asaimbidwe mlandu pakhomo.

Mutu waching'alang'ala suoneka pa sikani. Matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene amagwira anthu a chitetezo chotsika, nawonso nthawi zambiri saoneka. Amapezeka poyeza magazi ndi madzi a pamsana. Mabanja ambiri amakana kutenga madzi a pamsana n'kumaumirira sikani, poganiza kuti ndiyo njira yapamwamba. Pa matenda amenewa kutenga madziwo ndi kumene kumapeza vuto, komanso kumachepetsa kupanikizika kwa m'mutu kumene kukumupweteka wodwalayo. Matenda a nkhawa, kukhumudwa ndi ena a maganizo amene amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital sajambulika ndi CT kapena MRI. Dokotala wa kumeneko akapempha sikani amafuna kutsimikiza kuti kusintha kwa khalidwe sikukuchokera ku chotupa kapena magazi, makamaka ngati kwayamba mwadzidzidzi munthu ali wamkulu kale.

Zimachitikanso kuti lipoti latchula kanthu kamene sikakukhudzana ndi dandaulo lanu, monga kathumba ka madzi kobadwa nako, timadontho ta ukalamba ndi BP, kapena chimfine cha m'mphako za mphuno. Funsani dokotala kuti mwa zolembedwazo n'chiti chikufotokoza vuto lanu, n'chiti chongoyang'anira, ndipo n'chiti chosafuna kanthu.

Tsiku la sikani likakhala kutali, kapena mwatuluka ndi chithunzi chabwino pambuyo pa ngozi, pali zizindikiro zosadikira tsiku lolembedwa. Munthu amene wagunda mutu akhoza kudzuka, kulankhula bwinobwino kwa maola angapo, kenako n'kuyamba kufooka pamene magazi akuunjikana pakati pa fupa ndi ubongo. Usiku woyamba asagone yekha, asamwe mowa, ndipo wina azimudzutsa kuona ngati akuzindikira anthu. Akayamba kusanza mobwereza, kuvuta kudzutsidwa, kukomoka, kufooka mbali imodzi, kutuluka madzi oyera kapena magazi m'khutu ndi m'mphuno, kapena kadontho kakuda ka diso limodzi kakakula kuposa kanzake, thamangirani naye ku Zomba Central nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mutanyamula buku lake, CD ndi mankhwala onse amene akumwa.